Kodi mai wapakati angathamange mpikisano wa marathon?

Mai amene anazolowera kuthamanga asanatenge pakati angathe kupitiriza masewerawa ngati anamwino ku cipimo apeza kuti iye ndi mwana ali bwino. Koma mpikisano wa marathon, umene ndi wa makilomita 42, ndi nkhani ina, ndipo zimene zadziwika mpaka lero zikusonyeza kuti ndi bwino kuudikiritsa kufikira mwana atabadwa.

Funso limeneli silikhudza akatswiri a kunja okha ai. Amene amadzuka m'mamawa mu Lusaka amakumana ndi magulu a anthu othamanga m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata kufupi ndi Kalingalinga ndi Mtendere, mu mseu wa Commonwealth ku Matero ndiponso mu mseu wa Los Angeles ku Kanyama. M'maguluwa muli atsikana ndi amai. Ena amangofuna thupi lolimba, pamene ena amakonzekera mipikisano monga Absa Marathon kapena Inter-Company Relay, imene bungwe la Zambia Athletics lakhala likukonza kwa zaka zambiri.

Mai wotere akazindikira kuti ali ndi pakati amalandira malangizo osiyana-siyana. Apongozi amati aleke tsiku lomwelo kuopa kuti pathupi pangapite padera. Anzake a m'gulu amati ku Kenya amai apakati amathamanga popanda bvuto. Onsewa ali ndi mbali ina ya zoona, koma palibe mwa iwo amene wayeza magazi a maiyo.

Zimene bungwe la zaumoyo linalangiza

M'caka ca 2020, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linatulutsa malangizo a zolimbitsa thupi, ndipo kwa nthawi yoyamba linaikamo cigawo ca amai apakati ndi amene angobereka kumene.

Bungweli linati mai wapakati amene alibe matenda oletsa ayenera kulimbitsa thupi kwa mphindi zosacepera 150 pa mlungu, pa liwiro lapakati-kati. Izi ndi cimodzi-modzi mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Linanenanso kuti mai amene anazolowera kale masewera a mphamvu, monga kuthamanga, angathe kupitiriza pa nthawi ya pakati.

Phindu lake ndi lodziwika. Amai amene amalimbitsa thupi sagwidwa kawiri-kawiri ndi matenda a shuga obwera ndi mimba, sanenepa mopitirira muyeso, ndipo ciopsezo ca BP yokwera cimacepa. Kafukufuku sanapeze kuti masewera apakati-kati amacititsa kupita padera kapena kubereka masiku asanakwane kwa mai amene ali bwino.

Njira yapafupi yodziwira liwiro lapakati-kati ndi kulankhula. Ngati mai angathe kuceza ndi mnzake pamene akuthamanga, liwiro lili bwino. Ngati mau akuduka-duka cifukwa ca phuma, ndiye kuti wapitirira, ndipo ayenera kuyamba kuyenda.

Mai amene sanathamangepo asayambire pa mimba kukonzekera mpikisano. Kwa iye kuyenda ndawala ndi kokwanira, kuyamba ndi mphindi 10 kapena 15 pa tsiku ndi kumaonjezera pang'ono-pang'ono.

Zimene zimasintha m'thupi

Pa nthawi ya pakati magazi a mai amaculuka ndi magawo pafupi-fupi 40 mpaka 50 pa 100 alionse, kuti akwanire iye ndi mwana. Mtima umagwira nchito yaikulu kuposa kale, ndipo ngakhale mai atakhala pansi, umagunda kuonjezera ka 10 mpaka ka 20 pa mphindi. Ici ndico cifukwa cake mtunda umene unali wopepuka umayamba kulemetsa.

Madzi a m'magazi amaculuka msanga kuposa timbewu tofiira timene timanyamula mpweya. Motero mai amene anali kale ndi magazi ocepa amafookeratu akatenga pakati.

Minyewa imene imamanga mafupa a m'ciuno imafewa pokonzekera kubereka. Thupi nalo limalemera. Mai wa thupi lapakati-kati amayembekezeka kuonjezera makilogalamu 11 mpaka 16 pofika pobereka. Kulemera kumeneku kumakokera kutsogolo, ndipo kumapanikiza msana, maondo ndi minofu ya pansi pa ciuno imene imagwira cikhodzodzo ndi ciberekero. Zotsatira zake ndi zakuti mai amaterereka msanga, msana umawawa, ndipo ena mkodzo umadontha pothamanga.

Marathon isiyana bwanji

Kuthamanga mphindi 30 m'mamawa ndi kukonzekera marathon ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mtunda weni-weni wa marathon ndi makilomita 42 ndi mamita 195. Wokonzekera amafunika miyezi inai kapena isanu, ndipo cakumapeto amathamanga makilomita 30 kapena kuposerapo pa ulendo umodzi. Pa tsiku la mpikisano, anthu wamba ambiri amatha maola anai, asanu kapena kupitirira ali pa mseu.

Coopsa coyamba ndi kutentha kwa thupi. Pa mtunda wautali thupi la wothamanga lingathe kufika madigiri 39 kapena kupitirira. Madotolo amacenjeza kuti kutentha kotere, maka-maka m'milungu yoyamba pamene ubongo ndi msana wa mwana zikupangika, kungathe kuononga kakulidwe ka mwana.

Caciwiri ndi kugawika kwa magazi. Munthu akathamanga mwamphamvu, magazi ambiri amapita ku minofu ya miyendo. Kafukufuku wa ku Norway amene anafalitsidwa mu 2012 anayeza akatswiri asanu ndi mmodzi a masewera amene anali ndi pakati pa milungu 23 mpaka 29. Anapeza kuti mtima wa mai ukapitirira magawo 90 pa 100 a mphamvu zake zonse, magazi opita ku ciberekero amacepa, ndipo mwa ena kugunda kwa mtima wa mwana kunatsika kwa kanthawi. Ciwerengero ca amaiwa cinali cocepa, komabe akatswiri amene komiti ya International Olympic Committee inasonkhanitsa ku Lausanne mu 2015 analangiza kuti ocita masewera apakati asamale ndi muyeso umenewu.

Cacitatu ndi madzi ndi cakudya. Maola anai pa dzuwa amatha madzi ndi shuga m'thupi, pamene mimba payokha imafuna cakudya coonjezera kuyambira mwezi wacinai.

Cacinai ndi mtima wa mpikisano. Poyeserera munthu amaleka akatopa. Pa mpikisano, pamene walipira ndalama yolembetsa ndipo anthu akukuwa m'mbali mwa mseu, kuleka kumabvuta.

Palinso cizolowezi ca othamanga ena ca kumwa mapiritsi a Brufen kapena diclofenac kuti miyendo isawawe. Mankhwala amenewa sayenera kumwedwa ndi mai wapakati popanda cilolezo ca dotolo, maka-maka mimba ikapitirira milungu 20, cifukwa angathe kuononga impso za mwana ndi kucepetsa madzi amene mwanayo amakhalamo.

Zimene zinacitikira akatswiri a liwiro

Amene amati mai wapakati angathe kuthamanga ali ndi maina oloza. Mu Febuluwale 2017, Mai Peres Jepchirchir a ku Kenya anathamanga theka la marathon ku Ras Al Khaimah m'ola limodzi, mphindi 5 ndi masekondi 6, liwiro limene mkazi aliyense anali asanafikepo. Pa nthawiyo n'kuti ali ndi pakati pa milungu yocepa. Anabereka mu Okutobala caka comweco, ndipo mu Ogasiti 2021 anapambana mendulo ya golide ya marathon pa masewera a Olympic ku Japan.

Mai Ingrid Kristiansen a ku Norway anapambana marathon ya Houston mu Januwale 1983 asakudziwa kuti ali ndi pakati. Ku America, Mai Alysia Montaño anathamanga mamita 800 pa mpikisano wa dzikolo mu Juni 2014 ali ndi pakati pa milungu 34. Iwo anamaliza kumbuyo kwa onse, pakuti sanafune kulimbana ndi liwiro la anzawo. Mu 2011, mai wina anamaliza marathon ya Chicago mimba ili pafupi milungu 39, mwina akuyenda mwina akuthamanga kwa maola opitirira asanu ndi limodzi, ndipo anabereka usiku womwewo.

Nkhani zimenezi ndi zoona, koma zili ndi mbali ina imene sikambidwa kawiri-kawiri. Mai Paula Radcliffe a ku Britain anapitiriza kuyeserera ali ndi pakati, koma anacepetsa liwiro ndipo madotolo anali kuwayeza pafupi-pafupi. Anabereka mu Januwale 2007 ndi kupambana marathon ya New York mu Novembala caka comweco. Pakati pa miyezi imeneyi anabvulala fupa la pansi pa msana atabwerera ku masewera, ndipo anakhala milungu ingapo osathamanga.

Mai Allyson Felix a ku America, amene ali ndi mendulo zambiri za Olympic, anapezeka ndi matenda oopsa a BP ya amai apakati pa milungu 32 mu 2018. Anawapeza pa cipimo ca masiku onse, ndipo anawacita opaleshoni yamwadzidzidzi kuti apulumutse iwo ndi mwana.

Mnzawo Tori Bowie, amene anapambana mamita 100 pa mpikisano wa dziko lonse ku London mu 2017, anamwalira kunyumba kwawo mu 2023 ali ndi zaka 32, mimba ili pafupi miyezi isanu ndi itatu. Oyeza mtembo anachula matenda omwewa a BP ngati cimodzi mwa zimene zingakhale zinacititsa imfayo.

Phunziro ndi lakuti thupi lolimba siliteteza mai ku matenda onse a mimba. Cimene cinapulumutsa Mai Felix ndi cipimo.

Ciweruzo cicokere ku cipimo

Malangizo a World Health Organization a mu 2016 amati mai wapakati aonane ndi a zaumoyo kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba ucitike mimba isanapitirire milungu 12. Kwa wothamanga ulendo woyambawu ndi wofunika koposa, cifukwa milungu yoyamba ndi imene kutentha kwa thupi kumaopsa kwambiri.

Mu Lusaka cipimo cimacitika pa makiliniki a boma monga a Kalingalinga, Mtendere ndi George, ndiponso pa zipatala za Kanyama, Matero, Chawama, Chipata ndi Chilenje. Amai amene apezeka ndi bvuto lalikulu amatumizidwa ku cipatala ca amai ndi makanda ca UTH kapena ku cipatala ca Levy Mwanawasa.

Mai wothamanga ayenera kuuza namwino momveka bwino makilomita amene amathamanga pa mlungu. Kungonena kuti amacita masewera sikokwanira, pakuti namwino angaganize kuti akunena za kuyenda cabe.

Zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa ndi BP ndi kuculuka kwa magazi. Mai wapakati amawerengedwa kuti ali ndi magazi ocepa ngati muyeso wa Hb watsika pansi pa 11. Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa mu 2018 anapeza kuti amai apakati pafupi-fupi anai mwa khumi alionse m'dziko muno anali ndi magazi ocepa. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti amai 252 anali kumwalira pa zifukwa za ucembere pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Kutaya magazi ndi BP yokwera zili m'gulu la zimene zimapha amai ambiri.

Pali amai ena amene sayenera kuthamanga konse. Amenewa ndi amene apezeka ndi BP yokwera, magazi ocepa kwambiri, matenda a mtima kapena a mapapo, ndi amene akutaya magazi. Enanso ndi amene khomo la ciberekero ndi lofooka kapena linasokedwa, amene nsengwa, ciwalo cimene mwana amadyera ali m'mimba, yakhala pa khomo la ciberekero, ndi amene madzi ayamba kutuluka nthawi isanakwane. Mai woyembekezera mapasa, kapena amene anaberekapo mwana masiku asanakwane, ayambe wamva kwa dotolo.

Mapiritsi oonjezera magazi amene amaperekedwa ku cipimo ayenera kumwedwa tsiku lililonse. Zakudya monga kapenta, nyemba, nshawa, mazira, nyama, bondwe, cibwabwa ndi kalembula zimathandiza. Tiyi asamwedwe pamodzi ndi cakudya kapena mapiritsiwo cifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi. Cilakolako ca kudya dothi, cimene amai ambiri amaciona ngati ca mimba cabe, nthawi zambiri cimayendera limodzi ndi kucepa kwa magazi, ndipo n'coyenera kucichula kwa namwino.

Mseu wa m'komboni

Malangizo ambiri a masewera analembedwa poganizira mai amene amakhala pa mpando mu ofesi tsiku lonse. Mai wa ku Chawama kapena ku George angakhale wadzuka 4 koloko m'mamawa kukaoda ndiwo ku msika wa Soweto, waimirira pa malonda mpaka madzulo, ndipo watunga madzi. Cigubu ca malita 20 cimalemera makilogalamu 20. Nchito zonsezi thupi limaziwerengera. Amene wasenza zigubu zinai m'mawa sali cimodzi-modzi ndi katswiri wa ku Kenya amene nchito yake ndi kuthamanga, kudya ndi kupumula. Pa tsiku la nchito yolemetsa, mai wapakati aleke kuthamanga.

Nyengo nayo iyenera kuganiziridwa. M'miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala kutentha mu Lusaka kumapitirira madigiri 30 masiku ambiri. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kutangoyera, dzuwa lisanakwere. Kuthamanga kukali mdima kuli ndi zoopsa zake: maenje, ngalande zosatseka, magalimoto ndi anthu acifwamba. Mai wapakati asathamange yekha, ndipo mmodzi m'gulu akhale ndi foni ndi kudziwa cipatala capafupi.

Kugwa ndi ngozi yaikulu mimba ikakula. Malo ambiri ku Kanyama ndi ku Chawama ali ndi miyala yoturukira pamwamba, ndipo m'dzinja madzi amabisa maenje. Bwalo la mpira losalala kapena la sukulu liposa m'mbali mwa mseu wa mabasi, kumene kulinso utsi ndi fumbi. Amene ali kufupi ndi mseu wa Great North angafunse za bwalo la Olympic Youth Development Centre, limene linatsegulidwa mu 2010.

Madzi osefukira a m'dzinja amasakanikirana ndi zocokera m'zimbudzi. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 unakula kufikira boma linasandutsa bwalo la National Heroes kukhala malo ociritsira odwala mu Januwale 2024. Kutsegula m'mimba ndi koopsa kwambiri kwa mai wapakati. Motero madzi a m'botolo la wothamanga akhale ophitsa kapena othira klorini, ndipo amwe asanayambe, ali pa njira ndiponso akamaliza. Zakumwa zogulitsidwa m'zitini zimene amati zimapatsa mphamvu zili ndi caffeine wambiri ndipo ndi bwino kuzipewa.

Mai amene akumva malungo, cifuwa kapena kutentha thupi asathamange kufikira atacira.

Zizindikiro zoti mai aleke pomwepo

Mai wapakati ayenera kuleka masewera ndi kupita ku cipatala tsiku lomwelo akaona magazi kapena madzi akutuluka ku njira yobadwira mwana, kapena m'mimba mukamangika ndi kuwawa mobwereza-bwereza.

Zizindikiro zina ndi cizungulire, kukomoka, kuwawa kwa pa cifuwa, phuma ngakhale asanayambe kuthamanga, mutu waukulu, kuona zinthu mwa cimbuuzi, kutupa kwa nkhope ndi manja, kutupa ndi kuwawa kwa katumba wa mwendo umodzi, ndiponso mwana akacepetsa kusewera m'mimba.

Pa zizindikiro zimenezi palibe kudikira tsiku lolembedwa pa khadi la cipimo. Abambo a m'nyumba, apongozi ndi atsogoleri a magulu othamanga ayenera kuzidziwa, pakuti nthawi zambiri ndiwo amakhala pafupi bvuto likayamba.

Mwana atabadwa

Thupi silibwerera m'malo tsiku lotuluka m'cipatala. Malangizo amene akatswiri olimbitsa mafupa ndi minofu ku Britain analemba mu 2019 amati mai adikire miyezi itatu asanayambenso kuthamanga. M'miyezi imeneyi ayambe ndi kuyenda ndi kulimbitsa minofu ya pansi pa ciuno. Amene anabereka mwa opaleshoni ayambe wamva kwa dotolo kuti bala lapola. Mkodzo ukamadontha kapena akamamva kulemera kunsi, ndiye kuti nthawi siinakwane.

Lamulo la za nchito la Employment Code la mu 2019 limapatsa mai wa pa nchito milungu 14 ya chuti ca ucembere. Amai ambiri a m'makomboni ndi odzilemba okha ndipo amabwerera ku msika msanga, cotero iwo ayenera kudekha kwambiri asanaonjezere kuthamanga pa nchito zawo. Kuyamwitsa sikuletsa masewera, malinga mai adye mokwanira ndi kumwa madzi.

Kudikira sikutha luso. Mai Faith Kipyegon a ku Kenya anabereka mwa opaleshoni mu 2018, anakhala miyezi yambiri osathamanga, kenaka anapambana golide ya mamita 1,500 pa masewera a Olympic a ku Tokyo mu 2021 ndi a ku Paris mu 2024. Okonza mipikisano ikulu-ikulu monga ya London ndi ya Boston tsopano amalola mai amene watenga pakati atalembetsa kale kuti asungitse malo ake mpaka mpikisano wa mtsogolo. Mai wa mu Lusaka amene walipira kale angathe kufunsa okonza mpikisano ngati angamusungire malo, kapena ngati angamusinthire ku mtunda wa makilomita 5 umene angayende bwino-bwino anamwino atabvomereza.

Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Mai wothamanga amene wazindikira kuti ali ndi pakati ayambe wapita ku kiliniki mimba isanakwane milungu 12, auze namwino mtunda umene amathamanga, ndipo afunse ziwerengero zake za BP ndi Hb asanabvalenso nsapato za masewera.